Wefuwefu wanga pa Phiri la Zomba

Lolemba

Ndafika ku Zomba dzuwa litapendeka. Basi inanyamuka ku Lilongwe 7 koloko m'mawa, tinadzera ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka, n'kuoloka Shire pa Liwonde. Titafika cha ku Malosa phiri linayamba kutiperekeza kudzanja lamanja, pena lobiriwira, pena lakuda bii ndi lupsa. Ndinatsikira pa Chinamwali. Azakhali anali akudikira kale m'mbali mwa msewu atafunda chitenje chachiwiri, poti mphepo ya Ogasiti kuno siseka ndi munthu.

M'chikwama ndanyamula zovala zochepa, Baibulo la malemu bambo, ndi nsapato zothamangira zomwe ndinagula pakaunjika ku msika wa Tsoka. Azakhali ataziona nsapatozo anazitembenuza m'manja kawiri konse.

"Iwe mwana wa achimwene, ndiye zoona zija? Akuti masiku ano umadzuka usiku n'kumathamanga mumsewu. Chikukuthamangitsa n'chiyani?"

Ndinawapempha kuti andipatse sabata ino, ndiwayankha.

Bambo anatisiya mu Malichi chaka chatha. Kuno ndi kwawo. Anali mesenjala m'maofesi a boma masiku amene Zomba inali likulu la dziko, ndipo boma litasamukira ku Lilongwe mu 1975 iwo anasamuka nalo. Ine ndinabadwira komweko, Zomba ndinkaidziwira m'nkhani zawo zamadzulo. Chiikireni maliro awo, pemphero linauma m'kamwa mwanga. Ndimagwada, ndimatsinzina, mawu osabwera, ine yemwe ndinkatsogolera mapemphero ku Chigwirizano, gulu la amayi a mumpingo mwathu. Kuthamanga ndinakuyamba chifukwa cha BP, adokotala atandilangiza. Koma itapita miyezi ingapo ndinazindikira kuti nthawi yokhayo imene ndimamva kuti Mulungu ali pafupi ndi m'bandakucha, ndili mumsewu, thukuta lili kamukamu. N'chifukwa chake ndabwera nazo nsapato zanga kwawo kwa bambo.

Lachiwiri

Ndinadzuka hafu pasiti 4. Kunja kunali zii, kupatula agalu ndi tambala mmodzi wofulumira. Nditangolowa mumsewu waukulu wopita kutauni, mawu oitanira anthu ku swala ya m'bandakucha anamveka kumzikiti, kenako wina wa patali unayankha. Ndine mkhristu, koma kuitana kumeneku kumandilimbitsa mtima. Ndimadziwa kuti pali ena amene adzukanso mumdima chifukwa cha Mulungu.

Anzanga amandifunsa kuti ndimapemphera bwanji ndikuthamanga. Makilomita awiri oyamba mutu wanga umakhala msika: fizi ya ana, ngongole ya ku banki m'khonde, mawu amene wina anandilasa nawo kuntchito. Sindilimbana nazo. Ndimangowerenga mapazi, atatu ndikukoka mpweya, awiri ndikuutulutsa. Pokoka ndimati mumtima "Ambuye", potulutsa "ndabwera". Pemphero langa lonse ndi mawu awiri amenewa. Zikamakwana mphindi 20 msika uja umabalalika wokha, n'kutsala phazi, mpweya ndi msewu.

Ndinaoloka Mulunguzi kukadali mdima, madzi akungomveka pansi pa mlatho. M'tauni amayi a mandasi anali akukupiza mbaula, akabaza akupukuta zishalo. Chakufupi ndi Cobbe Barracks ndinakumana ndi asilikali akuthamanga pamzere, mmodzi akutsogolera nyimbo, ena onse akuvomera, mapazi akugunda pamodzi ngati misi mumtondo umodzi. Ndinaima pambali mpaka anadutsa. Iwo anadziwa kalekale kuti nyimbo imanyamula miyendo.

Ndinakathera pa chipilala cha njerwa chokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Nditagwira mawondo pamenepo ndinaganiza za amtengatenga, anthu wamba zikwizikwi amene anasenza katundu wa nkhondoyo wapansi mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri osabwerera kwawo. Misewu ya tauni ino inapondedwa ndi mapazi otopa ine ndisanabadwe.

Pobwerera, mnyamata wa kabaza anachepetsa liwiro pambali panga.

"Amayi, kwagwanji? Kwerani ndikuthamangitsireni, musalipire."

Kwathu kuno munthu wamkulu, makamaka mayi, sathamanga popanda chifukwa. Mwina mwana wakomoka, mwina nyumba ikupsa. Mnyamatayo anafunsa ndi mtima wachifundo. Ndinamuthokoza n'kumuuza kuti kunyumba kuli bwino, ndipo anapalasa njinga yake akucheukabe.

Lachitatu

Lero ndakwera phiri. Tauni ya Zomba ili pa mamita oposa 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Malumbe, nsonga yaitali ya phirili, imapitirira mamita 2,000. Ine cholinga changa chinali kukafika pa hotela ya Ku Chawe basi, potsata msewu wa tala.

Ndinayambira kumsika. Kumtunda kwa tauni kuli nyumba zakale za boma zobisala m'mitengo ikuluikulu, ndipo ndinadzera dala pa Nyumba ya Malamulo yakale, momwe aphungu ankakumana mpaka 1994. Bambo ankati tsiku limodzi ankakwera ndi kutsika misewu imeneyi kangapo, mafayilo ali m'khwapa, nsapato zili zopukutidwa bwino. Ndinayesa kuwaona ali mnyamata patsogolo panga.

Nyumba zitatha, msewu unayamba kukhotakhota ndipo fungo la paini linadzaza m'mphuno. Anyani anali khale pamiyala, osandilabadira. Chimene sindinachikonzekere ndi anthu otsika. Amayi atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, abambo atasenza matabwa, ena akulimbana ndi mabuleki a njinga zodzaza makala. Nawonso amathamanga, kathamangidwe ka timapazi tating'ono tofulumira, chifukwa katundu amawakankha kumbuyo. Pali ngakhale kanjira kachidule kotsetsereka kwambiri, kotchedwa Potato Path, poti alimi a pamwamba ankatsikira pamenepo ndi mbatatesi kupita nazo kumsika. Anthu amenewa analawira 3 koloko kuti ana adye lero. Ine ndikukwera chimanjamanja, nsapato zabwino kuphazi. Manyazi anandigwira.

Mayi wina wachikulire anali atatula mtolo wake pokhota pena kuti akonze nkhata. Ndinamupatsa moni ndikupuma mobanika.

"Ndili bwino, kaya inu amayi? Nanga mukukwera opanda chingwe, nkhunizo mukamanga ndi chiyani?"

Ndinati sindikupita kunkhuni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, "Chabwino, yendani bwino. Pamwambapo pakuzizira." Ndinamuthandiza kusenza. Mtolowo unandithyola msana pongounyamula kamodzi kokha, iye n'kutsika nawo ulendo. Sindikufuna kukometsa umphawi wake pousandutsa phunziro la moyo wanga wauzimu. Ndangolemba kuti ndisamuiwale popemphera.

Chapatsogolo pang'ono phiri linaima chilili ndipo kuwerenga kwanga kwa atatu ndi awiri kunasokonekera. Ndinamva phokoso likuchokera m'chifuwa mwanga, wefuwefu wokoka ngati sowo ikucheka thabwa lauwisi. Phokosolo ndinalidziwa. Ndi mmene bambo ankapumira usiku utatu womaliza m'chipatala, ine ndili pampando pambali pa bedi, ndikuwerenga kupuma kwawo, mtima uli m'mwamba kuti mwina kotsatira sikubwera. Miyendo inafooka. Ndinakhala pamwala.

Chichewa chathuchi chili ndi liwu limodzi la zinthu ziwiri. Kupuma ndi kukoka mpweya, kupuma ndi kuleka ntchito. Tsiku la maliro abusa anati bambo apuma. Ine ndinapsa mtima chamumtima, poti ndinaona ndi maso anga kuti aleka kupuma. Mkwiyo umenewu sindinauzepo munthu, ngakhale amuna anga. Pamwala paja ndinangokhala n'kumamvetsera chifuwa changa chikubwerera mwakale pang'onopang'ono, mpweya wozizira wa phiri lawo ukulowa ndi kutuluka wokha, osaupempha. Wawo sunabwerere, wanga wabwerera. Sindinawonjezepo china pa ganizo limeneli.

Kotsalako ndinamaliza mosakaniza, kuyenda ndi kuthamanga. Pa Ku Chawe anyamata anandizinga ndi timadengu ta masitiroberi. Ndinagula kamodzi ka azakhali, n'kutsika pagalimoto ya anthu ena achifundo.

Lachinayi

Ntchafu zauma gwa. Lero sindinathamange.

Masana azakhali anavala bulauzi yoyera ndi duku loyera n'kupita ku Mvano. Kuno ku Sinodi ya Blantyre amati Mvano, ife a Sinodi ya Nkhoma timati Chigwirizano, koma ntchito ndi imodzi. Atabwera tinakhala pakhonde tikusadzula nkhwani, ndipo nkhani ija anaiyambanso.

"Pemphero ndi mawondo, mwana wanga. Kuthamanga n'kwa ana a sukulu ndi asilikali. Ndiye mayi wa ana atatu, thalauzi ili m'thupi, anthu akuona?"

Za thalauzi ndimawamvetsa. Iwo anakhala zaka pafupifupi 20 pansi pa lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala thalauzi, ndipo zimene munthu anaziopa ali mtsikana sizichoka msanga. Za mawondo ndinalibe yankho lachangu. Ndinangowakumbutsa kuti ngakhale kwathu kuno anthu sakhutira ndi benchi ya m'tchalitchi yokha. Amakwera phiri la Bunda, amakwera la Soche, amasala kudya, amachezera usiku wonse pamphepo. Thupi timalilowetsa kale m'pemphero.

Tili mkati mokambirana, aneba awo anadutsa akuchokera kumzikiti, bambo wachikulire wachiyawo yemwe onse amamutchula a Haji poti anapitako ku Makka. Azakhali anawaitana kuti atiweruze. A Haji anakhala pampando, n'kumvetsera mpaka tonse titatha.

"Amayi, kuthamanga kuli m'mapemphero athu," anatero. Anafotokoza kuti ku Makka kuli timapiri tiwiri, Safa ndi Marwa, ndipo aliyense wochita Haji amayenda pakati pa timapiriti maulendo 7. Pali chigawo china choikidwa magetsi obiriwira pomwe amuna amathamanga ndithu. Amachita izi pokumbukira Hajara, yemwe anathamanga uku ndi uku kufunira madzi mwana wake Ismaila m'chipululu, mpaka kasupe wa Zamzam anatumphuka.

"Amene anayamba ndi mayi," anatero a Haji. "Ife amuna timangotsata mapazi ake."

Azakhali anasiya kusadzula. Hagara ndi Ismayeli amawadziwa bwino, a pa Genesis 21, mayi amene anaika mwana pansi pa chitsamba n'kukakhala patali kuti asaone imfa yake. Sanavomere kuti ndalondola, koma sanatsutsenso.

Ndinawauzanso za amonke a chipembedzo cha Buddha pa phiri la Hiei, pafupi ndi mzinda wa Kyoto ku Japan. Ena mwa iwo amalumbira kuzungulira phirilo masiku 1,000 m'zaka 7, makilomita 30 kapena kuposa pa tsiku, akuima m'malo opatulika n'kumapemphera. Azakhali anapukusa mutu, a Haji anangoti Mulungu ndi wamkulu.

Komabe mantha a azakhali ali ndi pogwira, ndipo ndikufuna kulemba chilungamo. Kuthamanga kumabala matama msanga. Miyezi yoyamba ndinkayeza makilomita pafoni n'kumaika pa Facebook, tsiku lonse ndikuwerenga amene andiyamikira. Pamenepo pemphero linathawa. Panopa foni ndimaisiya kunyumba. Ndiponso msewu sungalowe m'malo mwa mpingo. Mumsewu mulibe mgonero, mulibe wodwala woti ukamuzonde, mulibe mnzako wokudzudzula ukalakwa. Ine kutchalitchi sindinasiye. Ndimangokhala chete m'menemo, miyezi 17 tsopano.

Lachisanu

Ndinakwera pagalimoto mpaka pamwamba kuti mphamvu ndikazigwiritse ntchito kumeneko. Ndinalemba ganyu mnyamata woperekeza alendo, chifukwa njira za pamwamba pa phirili n'zambiri ndipo mayi sayenera kuyendamo yekha. Nditamuuza kuti tithamanga, anangomanga bwino zingwe za nsapato zake n'kuti, "Tiyeni amayi, inu muzitsogola, ine ndizikuuzani pokhota."

Tinayambira pa damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa tauni yonse ya Zomba. Madzi anali bata, nkhungu ikufuka pamwamba pake. Tinakwera motsata mtsinje mpaka pa mathithi a Williams, pomwe ndinasamba kumaso ndi madzi ozizira ngati a m'firiji. M'nkhalango ya paini phazi limatera pofewa, pa masamba ouma, ndipo sulimva n'komwe. Atatu, awiri. Ambuye, ndabwera.

Kenako nkhalango inangotha mwadzidzidzi. Zitsa zokhazokha, phulusa, mphepo ikuulutsa fumbi lakuda. Mnyamata uja anati moto umabuka chaka ndi chaka nyengo ino, wina wa osaka mbewa, wina wa owotcha makala. Iye ali mwana malo amenewo kunali mdima masana chifukwa cha mitengo. Ndinakumbukira mayi wa mtolo uja, ndinakumbukiranso damu tinalisiya kumunsi. Mtolo wake ndi madzi a m'mpopi wa azakhali zikuchokera pa phiri limodzi, ndipo phirilo likutha. Pamalo popsapo mawu anga awiri aja analemera.

Tinadutsa pa Queen's View, potchedwa choncho chifukwa cha mayi a Mfumukazi Elizabeth amene anafikapo mu 1957, n'kukaima pa Emperor's View, pomwe anafikapo Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia, mu 1965. Mnyamata uja anati ma Rasta amakwera kudzapemphera pamenepa. Ine dzina la mfumuyo linandikumbutsa msilikali wake womulondera, Abebe Bikila, amene anapambana mpikisano wa makilomita 42 pa masewera a Olympics ku Rome mu 1960, akuthamanga wopanda nsapato.

Pansi pathu tauni inali yaing'ono ngati mbewu zoyanikidwa pamphasa. Kutsogolo kunali nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, zotuwa ndi utsi, ndipo kudzanja lamanja phiri la Mulanje linkangooneka ngati mthunzi. Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotulukira. Inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018, asodzi n'kusiya mabwato pamatope ong'aluka, koma mvula itagwa bwino madzi anabwerera, matemba n'kubwereranso. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali.

Bambo, tikamanyamuka ulendo uliwonse, ankatiimika pakhomo n'kunena Salimo 121 pamtima. Lero ndazindikira kuti akamati akukweza maso awo kumapiri, ankaona phiri lino, ngakhale anali pachigwa cha Lilongwe. Ndinayamba kulinena salimolo chapansipansi, mpweya usanabwerere bwino, mawu akuduka pakati. Sindinalimalize. M'malo mwake munatuluka mawu ena, mokweza, amene sindinawakonze.

"Ambuye, munalekereranji kuti avutike chomwechija? Munthu anakutumikirani moyo wake wonse. Usiku utatu! Ine ndinali pomwepo, Inu munali kuti?"

Ndinalira ngati tsiku la maliro, mwina kuposa. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kulembedwa pano. Yankho sindinamve, mphepo yokha m'maudzu. Koma limeneli ndi pemphero langa loyamba la mawu chimwalirireni bambo, ndipo ndikudziwa kuti linamveka. Nditacheuka ndinapeza mnyamata uja ataima patali, chipewa chili m'manja, akuyang'ana pansi. Pobwerera sanandifunse kanthu. Anangondipatsa botolo la madzi n'kuti, "Pepani amayi."

Loweruka

Ndimafuna kukaona Dzenje la Chingwe, kumbali yoyang'ana chigwa cha Shire, koma chiperoni chafika usiku. Phiri lonse labisala, mvula yamawawa ikungonyowetsa zovala pachingwe. Takhala m'nyumba tikuwotha mbaula ndi kukazinga chimanga.

Azakhali anasimba za Napolo wa mu 1946, monga anawauzira agogo: mvula yosalekeza, phiri kugumuka, madzi kutsika ndi miyala ndi mitengo, milatho kukokoloka, anthu kufa. Akuti kuyambira pamenepo agogo sankaloza phirili ndi chala. Kenako anakhala chete, akutembenuza chimanga m'chiwaya.

"Dzulo unabwera maso ali ofiira," anatero. Ndinavomera.

"Atamwalira agogo ako, achimwene anasowa tsiku lotsatira maliro. Tinawafuna ponseponse. Anatulukira usiku, nsapato zili m'manja, mapazi atatupa, akuti anali kuphiri. Amayi aang'ono anawakalipira kuti wofedwa sachoka pasiwa. Iwo sanayankhe. Koma usiku umenewo ndi umene anayamba kudya."

Nkhani imeneyi bambo sanatiuzepo.

Lamulungu

Basi yanga ndi ya mawa m'mawa. Lero tipita kutchalitchi 9 koloko, ndipo ndawauza azakhali kuti akandipempha kutsekera mapemphero a pabanja madzulo ano, ndiyesa.

M'bandakucha ndinanyamuka mwakachetechete kuti ndisawadzutse, nsapato zili m'manja. Ndinapeza chitseko chili chotsegula kale. Anali panja, atafunda zitenje ziwiri, tochi ya foni ili m'manja. Chiperoni chinali chitachoka, nyenyezi zili mbuu pamwamba pa phiri. Anadikira kuti ndimange zingwe, kenako anandiperekeza pang'onopang'ono, akuunikira maenje, mpaka pamsewu waukulu. Kumzikiti anali atayamba kuitana.

"Usapite kutali lero," anatero. "Ukafika pa mlatho wa Mulunguzi ubwerere. Madzi a tiyi ndatereka kale."